KALATA YA CHUMA CHA MASIYE: PHUNZIRO LA KU MINDA YA TIYI YA KU THYOLO

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo ndi Makwasa aona tiyi wobiriwira mbali zonse ziwiri, ndipo akafunsa mwini wake wa phiri ili kapena chigwa icho, yankho silivuta, pakuti zonse zinalembedwa. Eni ake oyamba anamwalira kalekale, koma minda yawo inapita kwa ana awo kapena kwa makampani ena popanda kusowa kwake. Tsono munthu yemweyo akafunsa kumene kunapita njinga, makina osokera ndi ndalama za kapitawo kapena kalaliki amene anamwalira ali pa ntchito m'minda yomweyo, kawirikawiri amva za mkangano wa pamaliro ndi za mkazi amene anabwerera kwawo ndi ana ali chimanjamanja. Chosiyanitsa anthu awiriwa si kukula kwa chuma chokha ayi, komanso pepala.

MPHAMVU YA PEPALA

Anthu a ku Thyolo anaiona kale mphamvu ya pepala, ndipo anaiona mowawa. Kuyambira m'chaka cha 1892 Bwanamkubwa Harry Johnston anapereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene anatenga kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti ndi awo. Malo aakulu a Eugene Sharrer anadzakhala a British Central Africa Company m'chaka cha 1902. Tiyi, amene anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, anafika ku Thyolo mu 1908, ndipo munda wa Satemwa, umene Maclean Kay anautsegula mu 1923, wafika m'manja mwa zidzukulu zake.

Zikalata zija zinanena kuti midzi imene inalipo kale isachotsedwe, koma Alomwe amene anadza pambuyo pake kuchokera ku Mozambique sanali m'mawu amenewo, kotero kuti anakhala pa malowo polipira thangata. Chipolowe cha mu 1953 ku Thyolo chinabuka chifukwa cha mkwiyo wa nkhani ya malo pamodzi ndi ya Chitaganya, ndipo thangata anatha mwa lamulo mu 1962. Chilungamo chinali ku mbali ya anthu a m'midzi, komatu m'bwalo la milandu mawu apakamwa a mfumu yakufa sanathe kulimbana ndi chikalata chodinda. Chimene chinachitikira midzi yathunthu masiku amenewo chichitikiranso mabanja lero, pamene mwini chuma amwalira atangonena pakamwa.

CHIMENE WANTCHITO ASIYA

Nyumba ya pa komboni ndi ya kampani, monga momwe nyumba ya mphunzitsi ili ya sukulu ndi ya kalaliki wa pa boma ili ya Boma. Wantchito akamwalira, banja lake liyenera kutulukamo. Ndiponso anthu ambiri a ku Thyolo, Alomwe ndi Amang'anja, atsata chikamwini: mwamuna amanga nyumba kwawo kwa mkazi, pa nthaka ya mbumba imene woyang'anira wake ndi malume, ndipo nthakayo siili yake kuti angaipereke kwa munthu wina. Tsono chuma chenicheni cha mwamuna wotere ndi chonyamulika: malata, njinga, wailesi, mbuzi, katundu wa m'nyumba ndi ndalama. Chuma chotere chingathe kutha m'masiku awiri a maliro, mwambo wa kusudzula usanachitike n'komwe.

LAMULO LA 1967 NDI LA 2011

Lamulo la Wills and Inheritance Act la mu 1967 linayesa kuyanjanitsa mwambo ndi banja. Mwamuna akamwalira wopanda wilo, ukwati wake uli wa m'dera la chikamwini, mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo analandira magawo awiri okha mwa magawo asanu, ndipo magawo atatu anapita kwa abale olowa chuma monga mwa mwambo. Pa mbuzi zisanu, ziwiri zinali za mkazi ndi ana, zitatu za akuchimuna. M'madera a chiwongo chuma chinagawidwa pakati. Abale ambiri sanadikire ngakhale kugawa kumeneku, kotero kuti mu 1998 Nyumba ya Malamulo inaonjezera ndime yoti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, pa ndime 24, analamula kuti pakhale malamulo oletsa kulanda akazi chuma, ngakhale chosiyidwa ndi akufa. Potsata zimenezi, mu 2011 panakhazikitsidwa lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene linachotsa la 1967. Tsopano munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake chipita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi amene anali kumdalira. Wotsalayo asunga katundu wa m'nyumba, ana obadwira kunja kwa ukwati awerengedwa pamodzi ndi anzawo, ndipo wolanda chuma cha masiye angathe kumangidwa zaka 10.

NANGA WILO NDI YA CHIYANI?

Ena adzafunsa kuti, popeza lamulo lateteza kale mkazi ndi ana, kalata ifunikiranji? Choyamba, lamulo linena za kugawa mwachilungamo, koma silitchula kuti makina osokera ndi a yani, kapena kuti ndalama za ku banki zilipirire sukulu ya mwana uti. Chachiwiri, mawu akuti wodalira malemu ndiwo khomo limene mikangano ilowera, pakuti mphunzitsi wa ku Thyolo aphunzitsa ana ake pamodzi ndi ana a mlongo wake, ndipo mayi ake okalamba adya za m'thumba lake. Iye yekha ndiye adziwa muyeso wa aliyense. Chachitatu, mwamuna wamitala, kapena amene anasiya ana ku Luchenza nakwatiranso ku Bvumbwe, asiya nyumba ziwiri zosakhulupirirana, ndipo popanda mawu ake olembedwa nkhaniyo ithera ku ofesi ya Bwana D.C., kwa Administrator General kapena ku khoti, ana ali kudikira fizi.

Wilo siipatsa munthu ufulu wotaya banja lake. Ngati wolembayo amana mkazi kapena ana ake zofunika pa moyo wawo, khoti lili ndi mphamvu yowapatulira gawo loyenera. Koma mkati mwa malire amenewa munthu angathe kukumbukira mphwake amene anamlera, mchemwali wake wamasiye, kapena mpingo wake, ndipo mwambo wosamalira mbumba sutayika.

KALEMBEDWE KAKE

Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposa, wa nzeru zabwino, mwamuna kapena mkazi, angathe kulemba wilo, ndipo lamulo silikakamiza kupita kwa loya kapena kulemba m'Chingerezi. Chofunika ndi chakuti ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisainenso iye ali kuona. Ndi nzeru kusankha mboni zimene sizilandira kanthu m'kalatamo, monga mnzake wa ku ntchito kapena mkulu wa mpingo. Wolembayo aike tsiku, atchule chinthu chilichonse ndi dzina lonse la wochilandira, asankhe munthu wokhulupirika wodzagawa chumacho, ndiponso wodzalera ana aang'ono. Nyumba imene mwamuna ndi mkazi anamanga pamodzi ailongosole bwino, pakuti munthu sapereka gawo la mnzake.

Kalata yosungidwa pansi pa mphasa isowa msanga tsiku la maliro. Iyenera kusungidwa kwa Bwana D.C., ku Khoti Lalikulu, ku banki kapena kwa loya, ndipo wodzagawayo adziwe kumene ili. Munthu akakwatira, banja likatha, kapena mwana wina akabadwa, alembe ina yatsopano.

NDALAMA ZA PENSHONI

Pali chinthu china chimene antchito ambiri achiiwala. Lamulo la penshoni la mu 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, linaika kuti bwana asonkhe magawo 10 pa 100 aliwonse a malipiro, wantchito magawo 5. Wantchito akamwalira, ndalama zimenezi sizitsata wilo ayi, koma fomu imene iye anadzaza yotchula odzalandira. Mnyamata amene analemba mayi ake okha poyamba ntchito, nakwatira pambuyo pake osasintha fomuyo, asiyira mkazi wake ntchito yaikulu yotsimikizira kuti iye ndi ana ali ndi gawo. Kwa wantchito wokhala m'nyumba ya kampani kapena ya Boma, ndalama zimenezi ndizo nthawi zambiri ziposa chuma chake chonse, kotero fomuyo iyenera kuonedwa pamodzi ndi wilo.

MANTHA A IMFA

Chopinga chachikulu si umbuli wa malamulo, koma mantha akuti kulemba wilo ndiko kudziitanira imfa. Komatu imfa ilibe odi, ndipo ifika kwa wolemba ndi wosalemba yemwe. Makolo akale analinso ndi mwambo woitana mbumba ndi kunena mawu otsiriza. Wilo ndi mawu omwewo, oikidwa pamene munthu sangawakhotetse. Aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene othyola tiyi abwera kwa iwo kudzalembetsa makalata ndi kudzafunsa za malamulo, ayenera kuyamba ndi nyumba zawo, ndipo pambuyo pake athandize anansi awo a ku makomboni. Ntchito yake ndi ya madzulo amodzi, pepala limodzi ndi mboni ziwiri, ndipo woizengereza akumbukire kuti pakadafunda padajiwitsa galu.