Liwiro la ku Monaco, mtsutso wa pa Namwera

Lamulungu masana tikaweruka ku mapemphero n'kudzera pamsika wa Namwera, nthawi zina timamva kulira kwa injini kuchokera m'tinyumba toonetsera kanema. Si mpira wokha umene ukusonkhanitsa ana athu. Ena, makamaka amene adakhalako ku Joni, adabwerako ndi chikondi cha mpikisano wa galimoto zothamanga wa Formula 1, ndipo ukangotha pamabuka mtsutso umene ife akuluakulu tiyenera kuutchera khutu, pakuti ngakhale amatchula galimoto, nkhani yake yeniyeni ndi ya ndalama.

Kwa amene simudauonepo, galimoto zake n'zokwera munthu mmodzi, ndipo zimazungulira bwalo mpaka kukwanitsa makilomita pafupifupi 305, mtunda wonga wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, mu ola limodzi ndi theka. Mu 2023 ku Qatar, amakaniko a timu ya McLaren adasintha matayala onse anayi m'masekondi 1.8. Ife amene timakhala pamthunzi theka la ola kudikira kuti atimatire chubu cha njinga, tingopukusa mutu.

Gulu lina la ochemerera limati pamenepa palibe mpikisano, wopambana ndi thumba. Akulu oyendetsa masewerowa nawonso adaliona vutoli, popeza kale matimu aakulu monga Mercedes ndi Ferrari ankamwaza ndalama zowirikiza kangapo kuposa matimu aang'ono. N'chifukwa chake mu 2021 adaika malire akuti timu isapyole madola 145 miliyoni a ku America pachaka. Malirewo adatsika kufika pa 135 miliyoni mu 2023, kenaka adakwezedwa kufika pa 215 miliyoni mu 2026 ataonjezeramo zinthu zina zimene kale sizinkawerengedwa. Malipiro a madalaivala sali m'gulu la ndalama zimenezi. Timu ya Red Bull idapyola malire m'chaka choyamba chomwecho, ndipo mu 2022 idalipitsidwa madola 7 miliyoni. Chaka chotsatira idapambana mipikisano 21 mwa 22. Anyamata otsutsawo amafunsa kuti: chindapusa chotere chimamuwawa ndani?

Anzawo amayankha potchula McLaren, imene idakhala zaka zambiri ikupukwa chikho. Mu 2024 idatenga chikho cha matimu koyamba chiitengereni mu 1998, ndipo mu 2025 dalaivala wake Lando Norris adaposa Max Verstappen ndi mapointi awiri okha. Kunena zoona, apa ali ndi mfundo. Malire aja adachepetsako mpata.

Koma pamene mtsutsowu umatikhudza ife monga makolo ndi pa funso lakuti: amakhala pampando wa galimotoyo ndi mwana wa yani? Dalaivala amayamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu pa tigalimoto ting'onoting'ono, ndipo kuti akwere makwerero onse pamafunika madola mamiliyoni amene kawirikawiri amachokera kubanja. Lawrence Stroll, mpondamatiki wa ku Canada, adatsogolera gulu limene lidagula timu ya Force India mu 2018, imene idasanduka Aston Martin mu 2021, ndipo mwana wake Lance adapeza malo m'timu yomweyo. Norris nayenso adabadwira m'banja lolemera. Sitikunena kuti anawa alibe luso, ayi, koma njira adaipeza yolambulidwa kale. Lewis Hamilton, amene adatenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kawiri, adakula bambo ake Anthony akugwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwanayo asasiye masewerowa. Makolo a Esteban Ocon wa ku France adagulitsa nyumba yawo n'kumagona m'kalavani.

Mayi wa kwa Jalasi amene adagulitsa mbuzi yomaliza ndi thumba la nandolo kuti mwana akalembe mayeso a Fomu 4 sasowa womumasulira nkhani ya Ocon. Amadziwanso mbali imene kanema saonetsa, yakuti pa Ocon mmodzi pali mabanja ena amene adagulitsa zawo mwana osafika pamwamba, ndipo mayina awo satchulidwa.

Za ulemerero wake sitichulutsa mawu. Ku Monaco anthu amaonerera mpikisano ali pa maboti aakulu kuposa nyumba zathu. Ife a ku Mangochi tidazolowera kuona nyumba zopumuliramo alendo zitayandikana ndi thandala loyanikapo usipa, choncho sitidzidzimuka kwambiri.

Chimene chimagawa anyamatawa kwenikweni ndi nkhani ya Africa. Mpikisano womaliza wa Formula 1 kuno udachitikira ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, mu 1993. Mu December 2024 Pulezidenti Paul Kagame adalengeza kuti Rwanda ikufuna kuuchititsa, ndipo South Africa nayo idaonetsa chidwi. Ena amati n'zochititsa manyazi kuti masewero otchedwa a dziko lonse azilambalala Africa yense. Ena amakumbutsa kuti dziko lochititsa mpikisanowu limalipira madola mamiliyoni makumimakumi chaka chilichonse, bwalo lisadamangidwe n'komwe. Ife amene tidagonapo pamzere wa mafuta mu 2024 mtima wathu umapendekera kwa achiwiriwa, ngakhale tikumvetsa kuwawa kwa oyambawo.

Pali mbali imodzi ya ndalamazi imene sitiimva ikutchulidwa pamtsutso wawo. Gawo lina limapita ku chitetezo cha dalaivala: chisoti, zovala zosagwira moto msanga, ndi chitsulo chotchinga mutu chimene chidakhazikitsidwa mu 2018. Mu 2020 ku Bahrain galimoto ya Romain Grosjean idaduka pakati n'kuyaka, koma iye adatuluka m'motowo atangopsa manja.

Kanema akatha, mnyamata amene amakuwa kwambiri pamtsutso uja amaliza njinga yake yamoto ya kabaza, amakweza anthu awiri ndi thumba la chimanga, chisoti chili lende pa handulo, n'kuyamba kutsetsereka m'makona a phiri la Chowe kulowera ku Mangochi boma dzuwa likulowa.