Tikonze pakhomo kolera isanafike

Abale ndi alongo amene mutsogolera makalasi a akulu, mvula ikayandikira tonse timasakira makasu ndi kufolera madenga. Koma timaiwala kukonzekera nthenda imene imakonda nyengo yomweyo, ndiyo kolera. Tinaiona ku Beira mu 2019 itapita mphepo ya Idai. Tinaionanso kwathu kuno: mu Setembro 2022 inayambira ku Lago, m'cigawo ca Niassa, ndipo inafika ku Tete ndi ku Zambézia komwe. Nkhaniyi muikambe m'kalasi kudakali bata, cifukwa nthenda ikalowa m'mudzi nthawi yofunafuna zinthu palibe.

Kodi kolera n'ciyani?

Ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kamalowa pakamwa ndi madzi kapena cakudya cimene cakhudzana ndi cimbudzi ca munthu. Si ufiti ai. Pakapita maola 12 kufikira masiku 5, munthu amayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, mwinanso kusanza. Cimene cimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi: wolima m'mawa akhoza kutisiya madzulo. Koma pa odwala 100 olandira cithandizo cabwino msanga, amene amafa sapitirira mmodzi. Ambiri okhala ndi kaciromboka sadwala konse, komabe amakafalitsa osadziwa. N'cifukwa cake sitiloza cala munthu kapena nyumba.

Zisanu zokonzeratu

1. Madzi akumwa. Tiwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena tithiremo kloro, monga Certeza, motsata muyeso wolembedwa pa botolo, ndi kudikira mphindi 30. Tiwasunge m'cigubu ca kukamwa kwakung'ono. Ngati ndi mtsuko, ukhale wovundikira, wotungira ndi cikho cimodzi ca mpini wautali.

2. Cimbudzi. Cikumbidwe mvula isanafewetse nthaka, mamita 30 kapena kuposa kucokera pa citsime, kumunsi kwake. Cikhale ndi covundikira kuti nchenche zisalowe. Zoipa za mwana wakhanda nazonso zitayidwe momwemo.

3. Sopo, kapena phulusa ngati sopo palibe. Tisambe m'manja pocoka ku cimbudzi, tikatha kupukuta mwana, tisanaphike ndiponso tisanadye. Apa pali cizolowezi covuta kusiya: kusamba tonse m'mbale imodzi nsima ikabwera. Womaliza, amene kawirikawiri ndi mwana, amasamba litsiro la onse. Tizithirirana madzi, mmodzimmodzi. Ulemu sucepa ai.

4. Zobwezera madzi m'thupi. Tisunge mapaketi a SRO ocokera ku cipatala, ndi botolo loyera la lita imodzi loyesera madzi. Mapaketi akasowa, m'lita imodzi ya madzi abwino tithire timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, tosasefukira. Mcere ukaculuka umavulaza, makamaka ana. Otsala a dzulo titaye, tikonze ena.

5. Ulendo wa ku cipatala. Banja ligwirizane lero lomwe: njinga ndi ya yani? Bwato ndi la yani? Adzatsala ndi ana ndani? Zimenezi sizikambidwa pakati pa usiku wodwala ali gone.

Wina akadwala

Timwetseni nthawi yomweyo, pang'onopang'ono koma kosalekeza. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Nyamukani osadikira kuca, botolo lili m'manja, wodwala akumwa m'njira monse. Ena amabisa nthendayi poopa kusekedwa, koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una.

Pakagwa maliro a kolera, tisasambitse mtembo tokha. Timvere a zaumoyo, ndipo tisaphike cakudya ca gulu. Kulira ndi kupemphera palibe wotiletsa.

Phunziro la pa bolodi

Lembani mawu awiri awa ndi zilembo zazikulu: KOLERA, KLORO. Ophunzira awawerenge mokweza, aone zilembo zofanana ndi zosiyana. M'Cipwitikizi namonso, cólera ndi cloro zimamveka ngati pacibale, ndipo kusokoneza kumeneku kwathandizira mphekesera zoti othira mankhwala m'zitsime ndiwo amabweretsa nthenda. Mu 2009, m'cigawo ca Nampula, anthu ena odzipereka kuthandiza anzao anaphedwa cifukwa ca mphekesera zoterezi. Wophunzira wanu aturuke akudziwa kuti liwu loyambalo ndi nthenda, laciwirilo ndi mankhwala opha kacirombo kake.

Tsiku lina mubwere ndi botolo, kasupuni, shuga ndi mcere. Aliyense ayese yekha pamaso pa anzake, alawe, kenaka alembe m'kope mwake: lita 1, shuga 6, mcere theka. Pepalalo akalipacike kumene amaphikira. Mayi amene angawerenge mizere itatu imeneyi usiku, pa kuwala kwa nyali, ali ndi copulumutsira mwana wake.

Pomaliza, gawani kalasi awiriawiri, ayendere makomo a anzao ndi kuwerenga kuti pa zisanu zija zilipo zingati. Pamene pasowa cimbudzi, makamaka kwa nkhalamba ndi amasiye, kalasi ipangane tsiku lokakumba. Citsime timamwa cimodzi, motero khomo limodzi losakonzeka ndi ngozi ya tonse.