CHIFUKWA CHAKE NYIMBO ZINA SIZIMVEKA PA FONI

Anzathu ambiri akumidzi amadandaula kuti akaika nyimbo ya kwaya kapena mawu a mbale wawo pa kakhadi kosungira nyimbo, foni imakana kuimba. Tsono iwo amayesa kuti foni yafa, napita nayo kwa okonza, ndalama n'kutha pachabe. Kawirikawiri foniyo ilibe mlandu.

Mawu ojambulidwa amasungidwa m'mafayilo a mitundu yosiyanasiyana, ndipo mtundu wake umadziwika ndi zilembo zotsiriza pa dzina. Mawu otumizidwa pa WhatsApp amakhala a mtundu wa Opus, ojambulidwa pa iPhone amakhala M4A. Mafoni ambiri aang'ono amabatani sadziwa mitundu imeneyi. Umene pafupifupi foni iliyonse imaudziwa ndi MP3, umene unakhazikitsidwa mu 1993. Akatswiri a ku Fraunhofer, m'dziko la Germany, ndiwo anagwira ntchito yaikulu poukonza.

Ena amafufuta zilembo zotsiriza zija n'kulembapo MP3. Kutero sikuthandiza konse. Munthu akalemba "mtedza" pa thumba la chimanga, zam'kati zimakhalabe chimanga. Fayilo iyenera kusandutsidwa ndithu.

Pitani kwa mphunzitsi kapena aliyense amene ali ndi kompyuta. Iye atsegule pulogalamu yaulere yotchedwa VLC, asankhe Media, kenaka Convert, aloze fayilo yanu, asankhe MP3, aipatse dzina latsopano, n'kuyamba. Pakapita kanthawi pang'ono ntchito yatha.

Ngati fayilo ndi ya mtundu wa WAV, kusandutsaku kumapulumutsanso malo pa kakhadi. Mphindi imodzi ya nyimbo mu WAV imadya pafupifupi 10 MB, pamene mu MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB.

Koma chenjerani ndi ichi. Kuti MP3 ichepe chotero, imataya timawu tina timene khutu silimva bwino, monga amayi amachotsa gaga pokonola chimanga. Gagayo sabwerera. Mukasandutsa fayilo imodzimodziyo kawiri katatu, mawu amanka nazilala.

Chifukwa chake musafufute fayilo yoyamba. Ngati munajambula agogo akufotokoza mbiri ya mudzi, kapena ana asukulu akuimba, isungeni pa kompyuta kapena pa kakhadi kena, ndipo mukafuna ina muzisandutsa kuchokera pa yoyambayo. Agogo akadzatisiya simudzawajambulanso.

Aphunzitsi, awerengereni nkhaniyi makolo pa msonkhano wa sukulu.