Musanavomere ovaholo, yambani mwafunsa za breather

Mawu amene eni galimoto amawaopa kwambiri pagalaja ndi akuti "injini yatha". Makaniko akangotero, mwini wake amayamba kuwerengera ndalama za maring'i ndi magasiketi, komanso masabata amene galimoto ikhale pamiyala osabweretsa kanthu kunyumba. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo ovaholo imandipatsa ndalama yooneka kuposa tintchito ting'onoting'ono. Komabe ndinene poyera: injini zina zimene zimaphwasulidwa kuno ku Mangochi zimakhala zilibe mlandu. Cholakwa chimakhala kachipangizo koti mungathe kukafumbata m'dzanja, kotchedwa PCV valve, kamene pagalaja ambiri timangoti breather.

Ntchito yake imayambira m'silinda. Petulo akayaka, mphamvu yake imakankhira pisitoni pansi. Maring'i alipo kuti atseke mpata pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda, koma satseka kotheratu, ngakhale injini ikhale yatsopano. Mpweya wina wotentha umazemba n'kutsikira kunsi, kumene kuli crankshaft ndi oyilo, utatenga petulo wosapsa, mwaye ndi nthunzi ya madzi. Madziwo asakudabwitseni: amapangika petulo akamayaka, ndipo ndi omwe aja amadontha kuekizozi m'mawa. Mpweya umenewu ukasowa potulukira umadzazana, ndipo injini imachita zimene umachita mphika wa nyemba mukaupsinja chivundikiro uli pamoto: zam'kati zimatulukira paliponse pamene pali pofooka.

Galimoto zakale zinkangokhala ndi payipi yoloza pansi, utsi n'kumatayikira mumsewu. Ku California, kumene utsi wa galimoto unafika povuta, anayamba kuika PCV pagalimoto zatsopano mu 1961, ndipo pasanapite zaka zambiri njirayi inafalikira konse. M'malo motaya mpweyawo, injini imauyamwa kudzera mu intake manifold n'kuuwotcha pamodzi ndi petulo. Payipi ina imalowetsa mpweya woyera wochokera ku air cleaner, kotero kuti m'kati mwa injini mumapita mphepo nthawi zonse.

M'kati mwa valavuyi mulibe zamagetsi. Muli kachitsulo kotsetsereka ndi kasipuling'i basi. Injini ikakhala pa idling, manifold imakoka mwamphamvu, kachitsulo kaja kamayandikira kukamwa n'kusiya kampata kochepa. Mukaponda moto, monga pokwera zitunda za ku Namwera mutadzaza anthu ndi matumba a chimanga, kukoka kuja kumachepa, sipuling'i imakankha kachitsulo n'kutsegula njira yaikulu, pa nthawi yeniyeni imene mpweya wozemba uja wachuluka.

Chimene chimaipha ndi oyilo wakuda. Taonani moyo wa Sienta kapena Probox yonyamula anthu pakati pa boma ndi Monkey Bay, kapena yopita ku Liwonde. Inabwera kuchokera ku Japan itayenda kale, ndipo palibe amene anaonapo breather yake chiyambire. Imakhala pa siteji injini ikulira kudikira kuti idzaze, padzuwa la mu Okutobala la kunyanja kuno. Tsiku losintha oyilo likakwana, dalaivala amangothiramo wina woonjezera, nthawi zina wogula m'botolo lopanda dzina. Oyilo wotere amapsa n'kusanduka phala lakuda lomata, ndipo kachitsulo kaja kamakanirira malo amodzi.

Kakakanirira potseka, mpweya umadzaza m'injini. Oyilo amayamba kuchucha pa gasiketi ya top cover, kenako pa masilo a crankshaft, kutsogolo kapena kumbuyo kufupi ndi giyabokosi. Nthawi zina dipstick imadzitukula yokha, ndipo mukatsegula payipi ya air cleaner mumapezamo oyilo. Apa ndi pamene anthu amataya ndalama mopweteka. Amasintha gasiketi, pakapita mwezi yayambanso kuchucha, iwo n'kumanena kuti wogulitsa anawapatsa yafeki. Gasiketi inalibe vuto. Chimene chinaphulitsa yoyamba chidakalipo.

Kakakanirira potsegula, matenda amakhala ena. Injini imayamwa mpweya wochuluka umene kompyuta sinauwerengere, idling imanjenjemera, galimoto imatha kuzima pa mahampu, nyale ya check engine imayaka, ndipo makina oyezera kawirikawiri amaonetsa P0171. Imakokanso oyilo n'kumamuwotcha, ndiye kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu ndipo oyilo amatsika osaona pamene akudonthera. Zizindikiro zimenezi n'zofanana kwambiri ndi za maring'i otha, n'chifukwa chake chigamulo cha ovaholo chimafulumira.

Kuyeza sikufuna makina. Valavuyi mudzaipeza pa top cover, pamene pachokera payipi yopita ku manifold. Ichotseni muigwedeze pafupi ndi khutu: yamoyo imalira kuti khetekhete, yomatidwa imangoti zii. Koma kulira kokha si umboni wokwanira, chifukwa sipuling'i ikhoza kukhala itatopa. Ilumikizeni kupayipi yake, lizani injini, ikani chala kukamwa kwake. Chala chiyenera kukokedwa, ndipo mumve kachitsulo kakugunda. Ngati sichikukokedwa, onaninso payipiyo, popeza nayo imatsekeka ndi phala lija kapena kufwafwanyika m'kati ikafewa ndi kutentha.

Posintha, dikirani injini izizire. Masulani kilipu, ndipo payipi muipotokole pang'onopang'ono musanaikoke, chifukwa yokalamba imauma gwa n'kuthyoka. Ikang'ambika musaikulunge ndi tepi kapena mphira wa chubu cha njinga. Gulani ina, apo ayi mwatsegula khomo lina lolowera mpweya. Painjini ngati 1NZ-FE, imene ili m'ma Sienta ndi ma Probox ambiri, valavu ndi yamazinga, imamasulidwa ndi sipanala. Yatsopano muyambe kuilowetsa ndi dzanja kuti mazinga asapingasane, ndipo musaimange ngati nati ya tayala, poti top cover ndi ya aluminiyamu, sichedwa kulala mazinga. Painjini zina valavu imangosomekedwa m'kamphira. Kamphirako kakauma kamaphwanyika, tizidutswa n'kugwera m'kati, choncho kachotseni mosamala ndipo muikepo katsopano. Ndi ntchito yosafika ola limodzi.

Pogula, pitani ndi dzina la injini kapena nambala ya chipangizo, osati kungofananitsa ndi maso. Mavalavu awiri akhoza kufanana kunja koma masipuling'i ake n'kusiyana mphamvu. Kutsuka yakale ndi carb cleaner kumathandiza ngati yatsopano ikudikira kuchokera ku Blantyre, koma sikubwezera mphamvu sipuling'i yotopa. Ndipo sinthani oyilo ndi fyuluta tsiku lomwelo; mukasiya wakuda uja, yatsopanoyo imatidwanso posachedwa.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho. Ena akaona oyilo mu air cleaner amadula payipi ya breather, n'kuilozetsa pansi kapena kuilowetsa m'kabotolo ka pulasitiki komangirira ndi waya, kumanifold n'kutsekako ndi bawuti. Utsi kuekizozi umachepadi, mwini galimoto n'kupita akusekerera. Koma injini yasiya kutsukidwa ndi mpweya woyera, nthunzi ndi petulo zikutsalira mu oyilo, ndipo payipi yapululu ija ili poyera pa fumbi la misewu yathu ya kumidzi, ya ku Makanjira kapena ku Katuli. Fumbi likalowa mu oyilo limapala mabeyaring'i, ndipo ovaholo imene munkaithawa ija imabwera yeniyeni.

Sindikunena kuti breather imachiza zonse. Maring'i akatha, atha, ndipo mpweya wozemba umachuluka kuposa mmene valavu iliyonse ingathere kuuchotsa. Chosiyanitsa ndi compression test, imene imaonetsa mphamvu ya silinda iliyonse pa geji. Makaniko amene akukuuzani kuti injini yatha akuonetseni manambala amenewo, ndipo akhale ataona kale breather. Eni galimoto za ku Ulaya, monga Volkswagen ndi BMW, adziwe kuti zambiri mwa izo zili ndi kamphira kopyapyala m'malo mwa kachitsulo, nthawi zina komangidwira mu top cover momwemo. Kakang'ambika injini imaimba mluzu ndipo chitsekero cha oyilo chimavuta kutsegula injini ikulira. Za dizilo, monga Hilux, dongosolo lake ndi lina, chifukwa manifold yake sikoka mpweya ngati ya petulo, choncho kuyeza kwa chala kuja musakuyesere kumeneko.