Liwiro la Galimoto ndi Ndowa ya Madzi Pamutu

Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa mayendedwe a mayi amene wasenza ndowa yodzadza madzi kuchokera ku mjigo. Ndowa yakhazikika pa nkhata, khosi lawongoka, mapazi akuponda mofatsa. Miyendo yothamangira ali nayo, koma akudziwa kuti akathamanga, mwana n'kumudutsa kutsogolo mwadzidzidzi, mapazi adzaima koma madzi sadzamvera. Adzakhavukira kutsogolo, ndowa n'kutsatira, ndipo womenyedwa nayo ndi mwana yemweyo.

Galimoto nayo ndi katundu wosenzedwa. Dalaivala akaponda mabuleki, phazi lake lachita mbali yake, koma chitsulo chonsecho, anthu ndi matumba ali m'katimo, zimafunabe kupita kumene zimalowera. Malamulo a liwiro anaikidwa chifukwa cha zimenezi.

Tiyeni tiwerengere. Munthu amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona ngozi kufika pamene phazi lagunda buleki. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, m'sekondi imeneyo galimoto imayenda mamita 14, kenako imafuna mamita ena pafupifupi 14 kuti iime pa tala wouma. Onse pamodzi ndi mamita 28. Pa liwiro la 100, sekondi yomweyo imadya mamita 28, ndipo mabuleki amafuna mamita oposa 50. Tsono taonani: pamalo pamene galimoto ya 50 yaima kale, ya 100 ndi pamene phazi la dalaivala likungofika kumene pa buleki, liwiro likadali lonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yogundira munthu imakulanso kanayi.

Mayi wa ndowa uja sayenda mofanana njira yonse. Pamtetete amaonjezera, koma pakati pa nyumba pamene ana akusewera amachepetsa. Mvula ikagwa njira n'kuterera, amaponda mosamala koposa, ndipo ndowa ikakhala yaikulu, changu chimachepanso. Pa msewu ndi chimodzimodzi. Lole yodzadza feteleza singaime pa mtunda umene kagalimoto kakang'ono kamaimira, ndipo matayala akutha pa tala wonyowa amangoseseleka.

Misewu yathu yakumidzi ili ngati njira yodutsa pakati pa nyumba. Msewu wa M1 umadula pakati penipeni pa misika monga Lizulu, Kampepuza ndi Jenda. Tsiku la msika, milu ya tomato, kabichi ndi mbatata yakachewere imafika m'mphepete mwenimweni mwa tala. Minibasi yaima theka lili mumsewu, kondakitala akuitanira, ogulitsa akuthamangira m'mawindo ndi mabeseni. Wakabaza akukhota osacheuka, mbuzi yadula chingwe, ana asukulu akuwoloka m'magulu. Usiku ngolo ya ng'ombe ndi njinga zambiri zimayenda zopanda nyali, ndipo dalaivala amaziona zitafika kale pafupi. Chikwangwani cha 50 pa malo otere chimapatsa dalaivala mpata woti aone, aganize, aime.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Limalimbikitsanso kuti pamene anthu ndi magalimoto zasakanikirana, liwiro lisapitirire 30. Kumudzi chilonda chimakula chifukwa chipatala chili kutali, ndipo wovulala amene akanapulumuka m'tauni amatha kutsirizikira m'njira.

N'zomvetsa chisoni kuti madalaivala ambiri amaopa kamera ya apolisi kuposa ngoziyo. Amaphethiritsirana magetsi pochenjezana, amachepetsa liwiro akaona apolisi, akangodutsa n'kupondanso mafuta. Chindapusa munthu amalipira n'kuiwala, koma banja limene laika mwana m'manda siliiwala. Nafenso okwera tili ndi mbali yathu. Minibasi ikamauluka pakati pa msika tisakhale chete, ndipo tisamukakamize dalaivala kuti tachedwa. Kuchepetsa liwiro kuchoka pa 100 kufika pa 50 pa mtunda wa kilomita imodzi kumangoonjezera masekondi 36 pa ulendo. Timuuze mwaulemu koma molimba kuti, "Adalaivala, chepetsani, pano pali anthu."