Paipi yokwiririka pansi pa nyumba: ndi ya chiyani?

Ana inu, kodi mukudziwa kuti ku America, Canada ndi Britain nyumba zambiri zakale zili ndi chipinda cha pansi pa nthaka? Munthu amachita kutsika masitepe kuti akafikemo. Kale ankasungiramo malasha otenthetsera nyumba m'nyengo yozizira. Ndiye zimachitika kuti mwini nyumba akuswa simenti pofuna kukonza chipindacho, nyundo n'kugunda chinthu china cholimba. Kufukula bwinobwino, ndi paipi! Amene anaiika anamwalira kalekale, ndipo palibe akudziwa kumene yachokera.

Mmisiri wa mapaipi akafika, sathamangira kudula ayi. Paipi yooneka ngati yakutha ntchito itha kukhala ya gasi wophikira, kapena mkati mwake mukudutsa mawaya a magetsi. Iye amayamba wachotsa dothi pang'onopang'ono, kenako n'kutulutsa zinthu ziwiri m'thumba: maginito ndi ndalama yachitsulo.

Maginito akamatirira, ndiye kuti paipiyo ndi yachitsulo. Ikakhala yaikulu, yakuda, yadzimbiri, pafupifupi masentimita 10 mulifupi, nthawi zambiri imakhala yotulutsa nyansi za ku chimbudzi. Maginito akagwa pansi, mmisiri amayang'ana mtundu. Yofiirira, mwina yochita zobiriwira pamwamba chifukwa cha kukalamba, ndi ya mkuwa, ngati uja amakumba ku Copperbelt ku Zambia. Zina ndi za dongo lowotcha, zifupizifupi, zondondozana. Zimenezi amisiri akale ankaziyala mozungulira maziko, n'kusiya timipata dala, kuti madzi a m'nthaka azilowamo n'kupita kutali m'malo monyowetsa makoma.

Koma pali paipi ina imene mmisiri akaiona nkhope yake imasintha. Ndi yotuwa, yosawala, maginito saigwira. Imapindika mosavuta, ndipo polumikizira pake pamakhala potupa ngati anyezi. Akaikanda pang'ono ndi ndalama ija, pokandidwapo pamanyezimira. Imeneyo ndi ya mtovu.

Mtovu ndi wofewa ndipo suchita dzimbiri, n'chifukwa chake amisiri anaukonda kuyambira makedzana. Aroma ankausula kukhala mapaipi, ena n'kuwalemba mayina a mafumu kapena a amisiri ake. Mumzinda wa Pompeii, umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, alendo amawaonabe mapaipi amenewa mpaka lero.

Vuto lake n'lakuti mtovu ndi poizoni. Umasungunukira m'madzi pang'onopang'ono, makamaka madzi akagona m'paipi usiku wonse. Sununkha, sumveka pakamwa, ndipo ngakhale muwiritse madziwo suchoka. Amene umawavulaza kwambiri ndi ana ngati inu, chifukwa ubongo wanu ukukulabe: mwana amayamba kuvutika kumva za m'kalasi ndi kukumbukira. Ku Britain anasiya kuika mapaipi a mtovu a madzi akumwa cha m'ma 1970, ndipo ku America anawaletsa mu 1986. Komatu kuletsa atsopano sikuchotsa akale amene ali kale pansi. Mu 2014, mzinda wa Flint ku Michigan, ku America komweko, unayamba kutunga madzi mumtsinje wa Flint. Madziwo anadya mkati mwa mapaipi akale, mtovu n'kufika m'makapu a anthu, ndipo madokotala anaupeza wochuluka m'magazi a ana.

Tsopano kudziwa kuti paipi ndi ya chitsulo kapena ya dongo n'chiyambi chabe. Nanga ikupita kuti? Apa mmisiri amathira utoto m'chimbudzi kapena m'sinki, n'kumadikira kuona kumene madzi a utotowo atulukire. Ena amalowetsa kakamera kakang'ono komangirira kunsonga kwa chingwe chachitali, n'kumaonera mkati mwa paipi pa kakanema. Mizu ya mitengo imene yalowa polumikizira imaoneka bwinobwino.

Chodabwitsa china ndi ichi. M'nyumba zina zakale za ku America mumapezeka timapaipi tiwiri ta mkuwa, toonda ngati pensulo, totuluka m'simenti kapena m'khoma koma tosalumikizidwa ku chilichonse. Mmisiri wodziwa ntchito akationa amatuluka panja n'kuyamba kufufuza pabwalo, chifukwa kawirikawiri timathera ku thanki ya mafuta otenthetsera nyumba imene inakwiriridwa n'kuiwalika. Nthawi zina amaipeza idakali ndi mafuta.