Madzi, Tizilombo ndi Tiana ta Nsomba za Salmon mu Mtsinje wa Klamath

Nsomba za salmon zimaswana mumtsinje koma zimakakulira kunyanja yamchere. Mchitidwe wokwera mtsinje pofuna kuikira mazira umafanana ndi wa mpasa wa m'nyanja ya Malawi, ngakhale kuti nsomba ziwirizi si za banja limodzi. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chimene tiana tambiri ta salmon timafera tisanafike kunyanja, potengera chitsanzo cha mtsinje wa Klamath, umene umachokera m'chigawo cha Oregon n'kukathira m'nyanja ya Pacific kumpoto kwa California, ku United States.

Tiana ta salmon timafuna madzi ozizira, oyera ndiponso othamanga. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa wa okosijeni, pamene thupi la nsomba limafuna wochuluka kuposa kale. Nsombayo imafooka, ndipo matenda savuta kuigwira. Matope nawonso akakwirira timiyala timene muli mazira, mpweya sufika ndipo mazirawo amafa.

Mu Klamath, mdani wamkulu wa tianati ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Ceratonova shasta. Kachilomboka sikachoka pa nsomba ina kupita pa ina mwachindunji. Kamayamba kakhala m'tinyongolotsi ting'onoting'ono tomata pa miyala ya pansi pa mtsinje. Tinyongolotsito timatulutsira m'madzi njere za kachilomboka, zimene zimalowa mu nsomba kudzera m'ziwalo zopumira n'kukawononga matumbo. Nsomba ikafa, njere za mtundu wina zimatuluka m'thupi mwake n'kulowanso m'tinyongolotsi. Madzi akamatentha, matendawa amakula msanga ndipo amapha nsomba zambiri.

Apa m'pamene nkhani ya madzi ndi ya tizilombo zimakumanirana. Pa mtsinjewu panali madamu anayi opangira magetsi: J.C. Boyle, Copco 1, Copco 2 ndi Iron Gate. Madzi oima a m'madamuwa ankatentha ndi kumera ndere za poizoni m'chilimwe. Madamuwa ankatsekerezanso timiyala ndi mchenga zimene madzi osefukira amakokolola, zomwe zimapala pansi pa mtsinje ndi kuchotsa tinyongolotsi tija. Motero tinyongolotsito tidachulukana kumunsi kwa Iron Gate, m'njira imene tiana ta salmon timadutsa popita kunyanja. M'zaka za chilala za 2014 ndi 2015, tiana 81 ndi 91 mwa 100 aliwonse ta mtundu wa Chinook timene tidayezedwa tidapezeka ndi kachilomboka.

Vutoli lidakhudza kwambiri anthu a mitundu ya Yurok ndi Karuk, amene chakudya ndi miyambo yawo zimadalira salmon kuyambira kalekale. M'chaka cha 2017 khoti lidalamula kuti nthawi zina madzi ambiri azitulutsidwa pakamodzi, kuti akokolole tinyongolotsi ndi kusungunula njere za kachilombo. Patapita zaka zambiri mitunduyi ikumenyera nkhondo mtsinje wawo, madamu onse anayi adagumulidwa mu 2023 ndi 2024.

Ntchitoyi sidathe popanda zovuta. Kumayambiriro kwa 2024, tiana tambirimbiri tochokera kumalo oswetsera nsomba a Fall Creek tidafa podutsa mumphanga ya pansi pa damu la Iron Gate, chifukwa cha kusintha kwadzidzidzi kwa mphamvu ya madzi. Komabe mu October chaka chomwecho, salmon zikuluzikulu zidaonekanso kumtunda, ku Oregon, patatha zaka zoposa 100.

Kachilombo ka Ceratonova shasta n'kachilengedwe mu Klamath ndipo sikadzatheratu. Chimene chimatsimikiza ngati tiana ta salmon tifike kunyanja ndi kazizilidwe ka madzi, liwiro lake ndi zimene amanyamula. Ichi n'chifukwa chake ofufuza akupitiriza kuyeza kutentha kwa madzi ndi kuwerenga njere za kachilomboka chaka ndi chaka.